Mwana wachibwibwi asatsekedwe pakamwa

Nkhani yokambidwa kwa makolo, aphunzitsi ndi alezi a ana ku Nkhudzi, m'boma la Mangochi

 Ndikudziwa kuti ena mwachezera panyanja usiku wonse ndipo tulo tili m'maso, enanso mwasiya usipa pathandala popanda woingitsa akhwangwala. Choncho sindizungulira.

Ndabwera kudzakamba za ana achibwibwi, makamaka ang'onoang'ono, kuyambira amene angoyamba kulumikiza mawu mpaka a m'makalasi oyambirira a pulayimale. Palibe pano amene sadziwa munthu wachibwibwi. M'midzi yathu yambiri munthu wotere amadziwika ndi dzina lachipongwe kuposa limene adampatsa makolo ake. Chimene ndikufuna mutenge lero ndi ichi: ntchito yathu yoyamba ndi kuonetsetsa kuti mwanayu asasiye kuyankhula. Mawu kukakamira pakamwa n'kovuta ndithu, koma mwana amene wachita manyazi mpaka kutseka pakamwa ndiye wataya zambiri.

Taganizirani mnyamata wa zaka 6 amene amayi ake amutuma kuokala kukagula sopo. Njira yonse akubwereza mumtima, sopo, sopo, sopo. Afika, apeza anyamata akusewera bawo pakhonde. Wogulitsa afunsa, "Ukufuna chiyani iwe?" Mwana atsegula pakamwa, koma chotuluka ndi mpweya wokha, "sss, sss." Maso aphethira, phazi aponda pansi. Wina pabawo paja aphulika nako kuseka, wina ati, "Taimba nyimbo, mwina zituluka." Wogulitsa ali ndi anthu ena pamzere, ndiye akuti, "Fulumira, ndilibe nthawi." Mwana uja atchula mawu alionse amene angatuluke mosavuta, "Mchere." Kunyumba apeza mkwiyo: "Ndinakutuma mchere ine? Makutu ako ali kuti?" Mawa lake akana kutumidwa, ndipo timutcha wamwano. Chikatha chaka, mwana uja sayankhulanso pagulu, ndipo alendo akafika pakhomo amamuyamikira kuti, "Koma mwana wofatsa uyu, waulemu bwanji!"

Pamenepa ndi pamene pali msampha wathu. Mwambo wathu umakonda mwana wodekha, wosalowerera nkhani za akulu, ndipo mwambowo ulibe cholakwa. Koma umatibisira mwana amene wangokhala chete chifukwa cha mantha. Timaganiza kuti chibwibwi chatha, pamene chatha ndi kuyankhula.

Chibwibwi sichioneka mofanana. Mwana wina amabwereza chiyambi cha mawu, "ma-ma-ma-mayi." Wina amakoka liwu limodzi, ngati mnyamata wa sopo uja. Wina mawu amangotsekeka, pakamwa pali yasa koma osatuluka kanthu, ndipo uyu ndiye amavutika kwambiri ngakhale samveka. Kuphethira, kugwedeza mutu, kudzimenya pantchafu, zonsezo zimabwera pambuyo, mwana akamalimbana nawo mawu kuti atuluke. Kawirikawiri chimayamba pakati pa zaka 2 ndi 5, ndipo nthawi zambiri mwa mwana amene amayankhula bwinobwino kale. Pafupifupi ana 5 mwa ana 100 alionse amadutsamo. Ehud Yairi ndi Nicoline Ambrose, a ku University of Illinois ku America, adatsatira ana otere kwa zaka zingapo ndipo adapeza kuti pafupifupi 3 mwa 4 alionse chimawathera chokha. Otsalawo amakula nacho, ndipo pakati pa akuluakulu ndi munthu mmodzi mwa 100 alionse, amuna kuchuluka pafupifupi kanayi kuposa akazi. Aphunzitsi a Sitandade 1, inu amene ena mumaphunzitsa ana oposa 100 m'kalasi imodzi, werengani nokha. Ngati simudamvepo mwana wachibwibwi m'kalasi mwanu, mwina alimo koma sakweza mkono.

Nanga chimachokera kuti? Zonena zilipo zambiri. Ena amati mwana adagirigishidwa kwambiri ali khanda, ena amati adatsanzira wachibwibwi ndiye chidamulowa, ena amaloza mayi kuti adalakwira mwambo ali woyembekezera, ena amathamangira kunena kuti pali dzanja la munthu. Zonsezi zilibe umboni. Chimene ofufuza apeza n'chakuti chibwibwi chimakhudza mmene ubongo umayendetsera milomo, lilime ndi mpweya pa nthawi yoyankhula, ndipo nthawi zambiri chimakhala chakumtundu. Mu 2010 gulu la Dennis Drayna, wa ku bungwe la boma la America lofufuza za umoyo, lidapeza mwa mabanja ena a ku Pakistan tizinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo tokhudzana ndi chibwibwi. Pambuyo pake adafufuzanso banja lina lalikulu la ku Cameroon, muno mu Africa, mmene achibwibwi adali ochuluka. Tsono mayi usadziimbe mlandu. Bambo usaloze mkazi wako chala, chifukwa mukafufuza bwino mwina mupeza kuti agogo a kuchimuna ndiwo adali nacho.

Pali funso limene limabwera kwambiri kuno kunyanja. Mwana wathu amayankhula Chiyao ndi agogo ake, Chichewa pamasewera, Chingerezi akumana nacho kusukulu. Kodi si zinenero zachuluka? Ayi. Ana ambirimbiri a m'boma lino amakula ndi zinenero ziwiri kapena zitatu ndipo alibe chibwibwi. Musamuletse mwana chinenero cha agogo ake poganiza kuti mukumuthandiza. Mungomuchotsera anthu ocheza nawo.

Lilime nalonso lilibe mlandu. Ndikunena izi motsindika chifukwa alipo amene amatenga lezala n'kudula kamtsempha ka pansi pa lilime kuti alimasule. Maganizo amenewa si athu okha. Mu 1841 dokotala wina wotchuka wa ku Berlin, Johann Friedrich Dieffenbach, adayamba kudula zidutswa za malilime a anthu achibwibwi, ndipo madokotala ena a ku France ndi ku England adatengera. Anthu ena adafa nazo, chibwibwi osatha, mpaka mchitidwewo udasiyidwa. Ife tikachita zomwezo lero tikuika mwana pangozi yotaya magazi ndi ya kafumbata popanda phindu lililonse. Umboni woti lilime lili bwino mumauona nokha: mwana yemweyo akamayimba kwaya, kapena akamanena mawu pamodzi ndi anzake, zonse zimayenda myaa. Makolo ena akaona zimenezi amati, "Mwaona, amachita dala." Sachita dala. Ndi mmene chibwibwi chilili padziko lonse, ndipo chimasinthasintha: sabata ino chachepa, sabata yamawa chabweranso, makamaka mwana akatopa, akasangalala kwambiri kapena akafulumizidwa.

Ndiye pali mbiri ija yakuti anthu achibwibwi sachedwa kupsa mtima. Ine ndimati, inuyo mutamadulidwa mawu nthawi iliyonse mukatsegula pakamwa, anthu n'kumasekerera musanamalize chiganizo, kuyambira muli ndi zaka 4, mtima wanu ungakhale wotani? Ukali umenewo sabadwa nawo. Timaupanga ndife.

Kuti muone mphamvu ya mawu a akuluakulu pa mwana, ndikuuzeni zimene zidachitika ku Iowa, ku America, mu 1939. Mphunzitsi wa payunivesite, Wendell Johnson, amene naye adali wachibwibwi, ankakhulupirira kuti chibwibwi chimayamba chifukwa choti makolo amadzudzula kayankhulidwe ka mwana. Pofuna kutsimikiza, adatuma wophunzira wake, Mary Tudor, kunyumba yosungirako ana amasiye ku Davenport. Adasankha ana 22. Mwa iwo, ana 6 amene ankayankhula bwinobwino adauzidwa mobwerezabwereza kwa miyezi ingapo kuti ayamba chibwibwi, ndipo asamayankhule pokhapokha atatsimikiza kuti mawu atuluka bwino. Anawo sadasanduke achibwibwi enieni, ndipo maganizo a Johnson sadatsimikizike. Koma adayamba kuchita manyazi, kuyankha mwachidule, kuweramitsa mutu, ena kukaniratu kuyankhula. Nkhaniyi idakhala yobisika zaka zambiri. Yunivesiteyo idapepesa mu 2001, ndipo mu 2007 boma la Iowa lidavomera kulipira madola 925,000 kwa ena mwa anawo ndi mabanja awo. Taonani: kudzudzula sikubala chibwibwi, koma kumatha kutseka pakamwa ngakhale mwana amene alibe vuto lililonse. Nanga kuli bwanji amene mawu akumukakamira kale?

Katswiri wina, Joseph Sheehan, ankaphunzitsa kuti gawo la chibwibwi limene timamva ndi laling'ono poyerekeza ndi lobisika. Ife akunyanja tinene za mvuu. Ikakhala m'madzi mumangoona timakutu ndi mphuno, koma msodzi aliyense amadziwa kuti chimene chimagubuduza bwato chili pansi. "Ma-ma-ma" uja ndi timakutu chabe. Pansi pali mantha, manyazi, mawu amene mwana wawasintha, mayankho amene amawadziwa koma sadawanene, ndi anzake amene sadapalane nawo ubwenzi. Mwana wa zaka 3 nthawi zambiri gawo lapansili amakhala alibe. Amachita chibwibwi chake n'kumapitiriza nkhani, osalabadira. Gawo lapansili limakula pang'onopang'ono, malinga ndi nkhope zimene amaziona akamayankhula.

Tsono tichite chiyani pakhomo? Chachikulu ndi kudikira. Mawu akakakamira, khalani chete, muyang'aneni monga mumayang'anira mwana aliyense amene akukuuzani kanthu, mpaka amalize. Kawirikawiri ndi masekondi ochepa chabe, koma kwa kholo amaoneka ngati chaka. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musamumalizire mawu, chifukwa mukatero mukumuuza kuti simungathe kumudikira, ndiponso nthawi zina mumamaliza molakwika, iye n'kuyambiranso. Malangizo aja timakonda kupereka, akuti "puma kaye," "yankhula pang'onopang'ono," "yambiranso," "ganiza kaye usananene," amachokera mumtima wabwino, koma mwana amangomva chinthu chimodzi: ndalakwitsanso. Ngati mukufuna kuti achepetse liwiro, chepetsani lanu. Akakufunsani kanthu, pumani pang'ono musanayankhe. Mafunso asamagwe ngati matalala, "Unali kuti? Ndi ndani? Wadya? Nsapato zili kuti?" Limodzi, ayankhe, kenako lina. Ndipo akamaliza, yankhani zimene wanena. Ngati wavutika mphindi yathunthu kukuuzani kuti waona ng'ona padooko, nkhani ndi ng'onayo.

Ku London kuli malo othandizira ana achibwibwi otchedwa Michael Palin Centre, amene adatsegulidwa mu 1993. Chimodzi mwa zimene amaphunzitsa makolo n'chosafuna ndalama ngakhale tambala: mphindi 5 zokha, kangapo pasabata, kholo ndi mwana awiriwiri, mwana asankhe chosewera, kholo litsatire. Foni pansi, wailesi yotseka, azibale ake adikire nthawi yawo. Mutha kuchita izi mukusoka ukonde, mukuumba ng'ombe zadothi kapena mukusankha mpunga, malinga maso ndi makutu zili pa iye. Abambo, mphindi zimenezi si za amayi okha. Mwana wamwamuna amene bambo ake amamumvetsera mpaka kumaliza amayenda mosiyana.

Chinanso chimene ambiri timaopa ndi kuchitchula chinthucho. Timaganiza kuti tikachinena chikula. Koma mwana akaona kuti aliyense amayang'ana kumbali iye akavutika, ndipo palibe amene amanenapo kanthu, amaganiza kuti ndi chinthu chonyansa kwambiri moti ngakhale amayi ake sangachitchule. Ngati mwaona kuti wakhumudwa, muuzeni mofatsa, "Mawu aja anakakamira eti? Zimachitika, si mlandu. Ndikukumva, pitiriza." Akafunsa chifukwa chake, muuzeni zoona: anthu ena mawu amawakakamira nthawi zina, ndipo alipo ambiri, aphunzitsi, abusa, asodzi, ngakhale atsogoleri a mayiko. Ngati m'banjamo muli amalume kapena azakhali achibwibwi, apempheni acheze naye. Kwa mwana, kuona wamkulu amene amachita chibwibwi koma ali ndi banja, ali ndi bwato lake, amayankhula pamaliro ndi pabwalo la milandu, kumaposa malangizo onse amene ine ndingapereke. Ndipo pakhomo pakhale lamulo: pano sititsanzirana, ndipo wina akamayankhula ena adikire. Lamuloli ligwire onse, ndi alendo omwe.

Aphunzitsi, ndikudziwa katundu amene mudasenza chiyambire 1994 pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere ndipo makalasi adadzaza. Sindikupemphani zida zatsopano. Ndikupempha kusintha tinthu ting'onoting'ono. Mukamawerengetsa ana motsatira mzere, mwana wachibwibwi amene ali kumapeto samva chilichonse chimene anzake akuwerenga. Amakhala akuwerengera kuti kwatsala angati, mtima ukugunda, ndipo nthawi yake ikafika thupi lonse lauma. Mutchuleni koyambirira, kapena awerenge pamodzi ndi mnzake, popeza tanena kale kuti mawu amayenda akamanenera limodzi. Poitana mayina m'mawa, lolani kalasi yonse iyankhe pokweza mkono ngati liwu limodzi lija likumusautsa. Muitaneni pambali, osati pamaso pa anzake, mumufunse chimene chimamuthandiza. Ana amadziwa. Koma musamuchotse pa zoyankhula zonse pomumvera chisoni, chifukwa kumudumpha tsiku ndi tsiku ndi njira inanso yomuuzira kuti mawu ake safunika. Ayambe ndi mayankho aafupi, pagulu laling'ono, kenako kalasi yonse. Ndipo chonde, chibwibwi si kusadziwa. Mwana amene wakakamira pa yankho asalembedwe kuti walephera, asagwaditsidwe, asamenyedwe.

Za kusekana, kalasi imatengera mphunzitsi. Mukamwetulira pang'ono pokha pamene wina watsanzira, mwapereka chilolezo chaka chonse. Mukaima n'kunena modekha kuti, "M'kalasi muno aliyense timamudikira," ana amamva msanga kuposa akulu. Amayi a m'magulu oyang'anira ana pasukulu ndi a komiti, mwana akayamba kujomba, funsaninso za ichi, musangoganiza kuti wakopeka ndi ndalama za kudooko. Ena amathawira kunyanja chifukwa nsomba sizifunsa mafunso. Aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, alipo m'masukulu ena, ndipo mlangizi wa zamaphunziro wa m'dera lanu angakulozereni amene ali pafupi.

Abusa ndi mashehe, inu muli ndi nkhani imene tonse timaidziwa. M'buku la Eksodo, mutu 4, Mose akudandaula kwa Mulungu kuti pakamwa pake ndi lilime lake n'zolemera. Mu Qur'an, Surat Taha, Mussa akupempha kuti mfundo ya lilime lake imasulidwe kuti anthu amve mawu ake, ndiponso kuti m'bale wake Haruna amuthandize. M'mabuku onse awiri, munthu ameneyu ndiye adatumidwa kukaima pamaso pa Farao. Sadauzidwe kuti akhale kumbuyo mpaka lilime litawongoka. Tsono mwana akakakamira poloweza ndime ku Sande sukulu kapena pamadrasa, ndodo ikhale pansi. Anene pamodzi ndi anzake, kenako ndi mnzake mmodzi, kenako yekha akakonzeka.

Agogo athu ena adakhalapo pansi pa mfumu yachibwibwi. Nthawi imene boma lathu la Mangochi linkatchedwa Fort Johnston ndipo dziko lino linali Nyasaland, George VI adalamulira Britain ndi maiko ake kuyambira 1936 mpaka 1952. Adayamba chibwibwi ali mwana ndipo adavutika nacho kwambiri. Kuyambira 1926 ankathandizidwa ndi Lionel Logue wa ku Australia, ndipo pa 3 September 1939 adayankhula pawailesi kwa anthu ake onse za kuyamba kwa nkhondo. Chibwibwicho sichidathe, iye adangophunzira kuyankhula ali nacho. Joe Biden, amene adakhala pulezidenti wa America mu 2021, amanena poyera kuti ankasekedwa kusukulu chifukwa cha chibwibwi. Sindikutchula anthuwa kuti mwana aliyense adzakhale mfumu. Wathu akadzatha kutsutsa mtengo wa usipa padooko, kufunsira mbeta yekha ndi kudzinenera mlandu wake pabwalo, takwanitsa.

Kuchipatala tipite liti? Ngati chibwibwi chapitirira miyezi 6 osachepa, ngati m'banjamo muli ena amene adakula nacho, ngati mwana akulimbana nawo mawu mpaka kuuma nkhope, kapena wayamba kupewa kuyankhula, kambiranani ndi alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, ndipo pitani ku Monkey Bay kapena kuchipatala chachikulu ku Mangochi mukafunse kuti akutumizeni kwa odziwa za kayankhulidwe. Anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa kwambiri m'dziko muno ndipo amapezeka makamaka m'mizinda, choncho musadabwe akakutchulirani Blantyre. Thandizo limagwira bwino mwana akadali wamng'ono. Njira ina yodziwika, ya Lidcombe, idayambira ku Sydney ku Australia, ndipo ndi ya ana osafika zaka 6. Amene amaichita tsiku ndi tsiku ndi kholo lenilenilo pakhomo, katswiri amangolitsogolera. Koma dziwani kuti palibe jakisoni, piritsi kapena muzu umene umachotsa chibwibwi. Wina akakuuzani kuti ali nawo, sungani ndalama zanu. Pali chinthu chimodzi chosafunika kudikira: mwana amene kayankhulidwe kake kasintha mwadzidzidzi atadwala malungo aakulu, atakomoka kapena atavulala m'mutu, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa imeneyo ndi nkhani ina.

Chaka chilichonse pa 22 October, kuyambira 1998, maiko ambiri amakumbukira tsiku la anthu achibwibwi. Ndikupempha aphunzitsi aakulu amene muli pano kuti tsiku limenelo, pamzere wa m'mawa, mupatule mphindi zochepa muuze ana zimene mwamva lerozi. Mafumu athu, pamsonkhano wa mudzi ukubwerawu nenani mawu amodzi kwa ogulitsa m'maokala, akabaza ndi anyamata a padooko, kuti mwana wachibwibwi akafika pamaso pawo amudikire, ndipo mayina achipongwe aja atheretu. Inu makolo musadikire October. Yambani madzulo ano, mphindi 5, ndi mwana amene ali pakhomo panu.